Kodi mbozi za silika zingadyetse banja kwa Kasisi?

Nsatsi ndi mtengo womwe anthu a m'chigwa cha Shire saupatsa ulemu. Imamera yokha kudzala, kuseri kwa khola, m'mbali mwa msewu ndiponso m'madimba momwe madzi osefukira adasiya matope. Ikatchinga njira, chikwanje chimagwira ntchito. Ndi agogo okha omwe amakumbukira masiku omwe njere zake zinkakazingidwa, kusinjidwa ndi kuwiritsidwa kuti patuluke mafuta odzola.

Koma m'chigawo cha Assam ku India, komanso m'madera ena a Ethiopia ndi Kenya, tsamba la mtengo womwewu ndi ndalama. Mabanja amalithyola m'mawa ndi madzulo n'kumadyetsera mbozi zomwe amaweta m'nyumba monga momwe ena amawetera nkhuku. Pakatha masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono, mbozizo zimaleka kudya n'kudzikulunga m'zikwa za ulusi. Ulusi umenewo ndiwo silika, womwe amawombera nsalu zofewa ndi zodula kuposa za thonje.

Nkhani yotere ikamveka kwa Mfumu Kasisi m'boma la Chikwawa, komwe thonje lakhala likukhumudwitsa alimi ndipo chilala chimasinthana ndi madzi osefukira, mtima ukhoza kudumpha. Masamba aulere, ntchito ya pakhomo, katundu wopepuka koma wamtengo wapatali, akuti n'chiyaninso chotsala? Chotsala ndi masamu. Kuweta mbozi si kovuta. Chovuta n'kudziwa ngati thukuta la banja lingabwerere m'thumba, ndipo yankho lake lagona pa zinthu zinayi: nyengo, masamba, manja ogwira ntchito ndi wogula.

Chigwa chodziwa ulusi

Ulusi si mlendo m'chigwa muno. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Ufumu wa Kasisi udayamba ndi Ramakukan, mmodzi mwa Amakololo omwe adabwera ndi Livingstone n'kukhazikika m'chigwachi m'zaka za m'ma 1860. Dera la mfumuyi lili chakumtunda kwa chigwa, kufupi ndi boma la Chikwawa, mathithi a Kapichira ndi nkhalango ya Majete.

Nthawi ya atsamunda, nsalu za m'sitolo zidapha luso lowomba, ndipo thonje lidasanduka mbewu yogulitsa kuti anthu apeze ya msonkho. M'zaka za m'ma 1920, bungwe la British Cotton Growing Association ndilo lidapatsidwa mphamvu zogula thonje la alimi achikuda. Mlimi analibe kwina kopita nalo. Katswiri wa mbiri yakale, Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lokamba za chigwachi, adafotokoza momwe kukwera kwa madzi a Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kudamizira madimba ambiri n'kugwetsa ulimi wa thonje.

Mavuto a thonje sadathere pomwepo. M'chaka cha ulimi cha 2011/2012 boma lidaika K1.6 biliyoni potukula mbewuyi, ndipo dziko lidakolola matani pafupifupi 100,000. Patangopita zaka zochepa zokolola zidatsika mpaka kuchepera matani 20,000. Alimi ambiri adagwa ulesi kaamba ka mitengo yotsika, mbewu yodula ndi mankhwala osowa. Lamulo la thonje la mu 2013 lidakhazikitsa bungwe la Cotton Council of Malawi kuti liziyang'anira malondawa, koma mlimi wa ku Chikwawa akudziwabe kuwawa kodikira wogula mabelo ali m'nyumba.

N'chifukwa chake mbewu kapena chiweto chilichonse chatsopano chimakopa anthu. N'chifukwa chakenso chiyenera kuunikidwa bwino banja lisanaikepo ndalama yake.

Mbozi ziwiri, maulimi awiri

Silika wochuluka padziko lapansi amachokera ku mbozi yomwe akatswiri amaitcha Bombyx mori. Mboziyi imadya masamba a mabulosi, omwe ena amati mapulesi. Anthu a ku China adayamba kuiweta zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo lero singathenso kukhala yokha kutchire. China ndi India ndiwo amapanga silika woposa magawo 90 mwa magawo 100 aliwonse a silika wa padziko lonse.

Mbozi ya mabulosi ikaswa imakhala kakang'ono ngati nyerere. Imadya kwa masiku 25 mpaka 30, imafundula kanayi, ndipo pofika poti ipange chikwa imakhala italemera pafupifupi ka 10,000 kuposa tsiku lomwe idaswa. Chikwa chake ndi ulusi umodzi wosaduka womwe umatha kutalika mamita 900 kapena kuposa. Kuti ulusiwo usaduke, kachilombo ka m'kati amakapha ndi nthunzi kapena kutentha kasanasanduke gulugufe n'kuboola chikwacho. Kenako zikwa amaziviika m'madzi otentha n'kumakulunga ulusiwo ndi makina.

Mbozi yachiwiri imatchedwa eri. Dzinali lidachokera ku mawu a chilankhulo cha ku Assam otanthauza nsatsi. Chakudya chake chenicheni ndi masamba a nsatsi, koma imadyanso masamba a chinangwa. Chikwa chake chimakhala ndi kakhomo kumapeto, ndipo ulusi wake ndi woduladula, choncho saukulunga ndi makina ngati wa mabulosi. Amaupota pamanja kapena ndi kamakina kopalasa, monga momwe makolo ankapotera thonje. Popeza gulugufe amatha kutuluka osawononga chikwa, ogula ena a ku Ulaya ndi ku America amakonda silikayu ponena kuti sapha chamoyo.

Kusiyanaku n'kwakukulu pa nkhani ya chuma. Zikwa za mabulosi zikakololedwa zimayenera kugulitsidwa kapena kuumitsidwa pasanathe masiku pafupifupi 10, apo ayi agulugufe amatuluka ndipo mtengo umagwa. Zikwa za eri, kachilombo kakachotsedwamo, zimasungika miyezi ingapo m'thumba pamalo ouma. Kwa banja lomwe lili kutali ndi fakitale, katundu wosungika ndiye wotetezeka.

Dzuwa la m'chigwa

Mdani woyamba wa mbozi kwa Kasisi ndi dzuwa. Mbozi ya mabulosi imakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28, mpweya uli wachinyezi. Kukapyola madigiri 30 imayamba kufooka, matenda amalowa, ndipo zikwa zimatuluka zopyapyala. M'miyezi ya October ndi November, ku Chikwawa, Nchalo ndi Ngabu kutentha kumapitirira madigiri 40. M'nyumba ya malata masana, ngakhale munthu sakhalamo.

Izi zikutanthauza kuti mbozi ya mabulosi imayenera madera ozizirirapo, monga mapiri a Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Dedza, kusiyana ndi chigwa. Eri ndi yopirira, simadwaladwala, koma nayonso ili ndi malire. Kutentha kukafika madigiri 35 ndi kupyola, imadya mofooka ndipo zambiri zimafa zisanapange zikwa.

Choncho mlimi wa kwa Kasisi sangawerengere chaka chonse. Nthawi yabwino ndi kuyambira mvula ikamatha mu April mpaka chakumapeto kwa August, pomwe kunja kumakhala kozizirirapo. M'miyezi imeneyi banja likhoza kuweta maulendo atatu kapena anayi. Wina akabwera n'kunena kuti mbozi zimabweretsa ndalama mwezi uliwonse chaka chonse, ndiye kuti akuwerengera nyengo ya kwina, osati ya m'chigwa.

Nyumba yowetera nayo ndi ndalama. Imafunika ya udzu osati ya malata, yamazenera olowetsa mphepo, ndipo ikhale pamthunzi. M'kati mumakhala timathandala ta nsungwi kapena bango, pomwe pamaikidwa malichero kapena mphasa zogonekapo mbozi. Ubwino wake ngwakuti zonsezi zimapezeka pamudzi. Koma dera lomwe lidaona madzi osefukira mu January 2015 ndi March 2019, namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023, likudziwa kuti nyumba yotere iyenera kumangidwa pamtunda.

Masamu a masamba

Anthu ambiri amaganiza kuti popeza nsatsi imamera yokha, chakudya cha mbozi n'chaulere. Apa ndi pomwe ambiri amagwera.

Pa mbozi ya mabulosi, bokosi limodzi la mazira 20,000 limadya masamba oposa makilogalamu 500 kuti lipereke zikwa zolemera makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo pamafunika makilogalamu 6 mpaka 8 a zikwa kuti patuluke kilogalamu imodzi ya ulusi.

Pa mbozi ya eri, chikwa chopanda kachilombo m'kati n'chopepuka kwambiri, sichifika theka la galamu. Kuti kilogalamu imodzi ikwane pamafunika zikwa zoposa 2,000, ndipo masamba odyetsera mbozi zochuluka chomwecho amatha kufika makilogalamu 100.

Tsono banja lomwe laganiza zoweta mbozi 10,000 paulendo umodzi liyembekezere zikwa zolemera makilogalamu anayi okha, zonse zikayenda bwino. Masamba ofunika ndi makilogalamu 300 mpaka 400, kulemera kofanana ndi matumba 6 mpaka 8 a chimanga. Likaweta maulendo anayi pachaka, zokolola zake ndi makilogalamu pafupifupi 16, katundu woti munthu mmodzi amanga pa njinga n'kupalasa mpaka pa Dyeratu.

Masamba amenewa sadyedwa mofanana masiku onse. M'masabata awiri oyambirira mbozi zimadya pang'ono, timasamba tanthete todulidula. Zikafundula kachinayi zimalusa. Magawo anayi mwa magawo asanu a chakudya chonse amatha m'sabata yomalizayi. Kwa banja la mbozi 10,000 lija, ndiye kuti makilogalamu 40 kapena kuposa a masamba tsiku lililonse, ogawidwa kanayi kapena kasanu, usiku womwe. Zikagona ndi njala tsiku limodzi lokha panthawiyi, zikwa zimachepa thupi.

Nsatsi zomera zokha kudzala sizingakwanitse zimenezi. Banja liyenera kubzala munda wake, makamaka kudimba komwe chinyezi chimakhalitsa, chifukwa miyezi yabwino yowetera ndi yomwenso mvula imakhala italeka. Dimba lomwelo ndilo limadyetsa banja chimanga, mbatata ndi nyemba. Mzere uliwonse wa nsatsi ndi mzere womwe wachotsedwa ku chakudya. Chinangwa chikhoza kuthandiza masamba akachepa, koma kuchithyola mopyola muyeso kumachepetsa mizu yake, komanso chigwada ndi ndiwo ya banja.

Manja a ndani?

M'madera ambiri komwe silika amawetedwa, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi amayi. Ndiwo amadyetsa mbozi, kuchotsa zitosi ndi masamba ofota, kusamutsa zomwe zakhwima kuti zikapange zikwa, ndi kupota ulusi. Ubwino wake ngwakuti ntchitoyi ndi ya pakhomo, siifuna mphamvu zambiri, ndipo agogo ngakhalenso olumala amatha kuigwira.

Koma miyezi ya May, June ndi July kwa Kasisi si yopuma. Ndi nthawi yotola thonje, yokolola mapira ndi mchewere, yobzala kudimba. Ena amakhala ali ku ganyu m'minda ya nzimbe ku Kasinthula kapena ku Nchalo. Mayi yemwe wakhala pakhomo sabata yathunthu kudyetsa mbozi wataya ndalama yomwe akadapeza kwina.

Njira yosavuta yoyezera phindu ndi iyi. Banja liwerenge masiku onse omwe lagwira ntchito, kuyambira kubzala nsatsi mpaka kulongedza zikwa, n'kuwachulukitsa ndi malipiro a ganyu wa tsiku limodzi m'deralo. Liwonjezerepo mtengo wa mazira, mankhwala otsukira nyumba, malichero ndi thiransipoti yopita kwa wogula. Kenako ligawe ndalama yonseyo ndi makilogalamu omwe lakolola. Yankho lake ndiwo mtengo wotsikitsitsa womwe lingagulitsire kilogalamu imodzi popanda kuluza. Wogula akatchula mtengo wochepera apo, ndiye kuti banjalo likumugwirira ganyu waulere.

Adani a m'nyumba ndi a kumunda

Mbozi ya silika ndi mbozi basi, ndipo mankhwala omwe amapha mbozi za m'thonje amaphanso iyo. Ili ndi vuto lalikulu kwa mlimi wa m'chigwa. Nsatsi yomwe yamera m'mphepete mwa munda wa thonje wopoperedwa ikhoza kupha mbozi zonse usiku umodzi. Mphepo imanyamula mankhwala kuchoka m'munda wa mnansi. Munthu yemwe wangochoka kopopera sayenera kugwira masamba kapena kulowa m'nyumba yowetera asanasambe ndi kusintha zovala.

Chikwawa ndi dera la malungo, ndipo mabanja amadziteteza ndi masikito onyikidwa m'mankhwala, makoyilo ofukiza ndi mankhwala opopera m'makoma. Zonsezi ndi zofunika pa moyo wa anthu, koma ndi poizoni kwa mbozi. Utsi wa fodya nawo ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake mbozi siziyenera kuwetedwa m'chipinda chogona. Zimafuna nyumba yakeyake.

Palinso nyerere, linthumbu, makoswe, abuluzi ndi nkhuku. Oweta amaimika miyendo ya thandala m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere, ndipo mazenera amawatchinga ndi sefa.

Matenda ndiwo oopsa koposa, chifukwa ena amabwera ndi mazira. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, nthenda yotchedwa pebrine idatsala pang'ono kuthetsa ulimi wa silika ku France. Mu 1865 boma lidatuma Louis Pasteur ku tauni ya Alès kuti akafufuze. Iye adapeza kuti gulugufe wamkazi wodwala amapatsira mazira ake, ndipo adayambitsa njira yoyeza gulugufe aliyense ndi makina oonera tizinthu tating'onoting'ono asanalole kuti mazira ake agawidwe. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Phunziro lake ndi lakuti mazira abwino amachokera kumalo komwe kuli akatswiri ndi zida zoyezera. Ku India, boma lidakhazikitsa bungwe la Central Silk Board mu 1948 kuti lizichita kafukufuku, kupanga mazira oyezedwa ndi kuphunzitsa alimi. Ku Kenya, bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, lomwe lidakhazikitsidwa ku Nairobi mu 1970, lakhala likuphunzitsa alimi a m'maiko angapo a mu Africa za silika ndi njuchi. Mlimi payekha sangaitanitse mazira kunja mwachisawawa. Tizilombo tamoyo tolowa m'dziko timafuna chilolezo cha boma.

Wogula ali kuti?

Funso lalikulu koposa ndi ili. Thonje, ngakhale limakhumudwitsa, lili ndi misika yodziwika, ogula ovomerezeka ndi mtengo woyambira womwe boma limalengeza. Nandolo, chitowe ndi mbuzi zimagulika pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Ngabu tsiku lililonse la msika. Zikwa za silika zilibe msika wotere m'Malawi. Munthu atazinyamula kupita nazo pamsika lero, ambiri angamufunse kuti n'chiyani.

Komwe ulimiwu udakhazikika, wogula amakhala pafupi. M'tauni ya Ramanagara, m'chigawo cha Karnataka ku India, muli msika wa zikwa womwe ndi umodzi mwa ikuluikulu ku Asia. Alimi amabweretsa zikwa m'mawa, ogula amapikisana mitengo monga zimakhalira ku okushoni ya fodya, ndipo boma limayang'anira sikelo. Okulunga ulusi ali m'tauni momwemo.

Mu Africa muno, komwe zayendako bwino ndi komwe kampani yowomba nsalu idayamba yakhalapo, alimi n'kubwera pambuyo. Ku Addis Ababa, kampani ya Sabahar, yomwe idayamba mu 2004, imagula silika wa eri kwa alimi ang'onoang'ono, kupota, kuwomba pamanja ndi kugulitsa nsalu kunja. Ku Makueni m'dziko la Kenya, dera louma lomwe nalonso limalima thonje, kampani ya Tosheka Textiles idaphunzitsa alimi kuweta eri ndi masamba a nsatsi n'kumawagula zikwazo. Ku Madagascar msika ndi wa chikhalidwe: nsalu za silika zimavalidwa pamiyambo ndiponso amakulungira maliro, kotero ogula ali m'dziko momwemo.

Kuno kwathu nsalu yodula imalimbana ndi kaunjika komanso zitenje zotchipa zochokera kunja. Ogula silika angakhale alendo odzaona nyama ku Majete, masitolo ochepa a ku Blantyre ndi Lilongwe, ndi misika ya kunja. Misika ya kunjayo imafuna katundu wochuluka, wofanana maonekedwe, wofika panthawi yake. Banja limodzi la makilogalamu 16 pachaka silingakwanitse. Pamafunika gulu la mabanja makumi angapo, losonkhanitsa zikwa pamodzi, lokhala ndi opota ndi owomba ake.

Alimi ambiri akukumbukira za jatrofa, mtengo womwe udalimbikitsidwa kwambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 kuti udzatulutsa mafuta a galimoto. M'maiko ambiri a mu Africa anthu adabzala, koma phindu lomwe ankayembekezera silidaoneke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phindu lachiwiri

Pali mbali ina yomwe imasintha masamu onsewa. Ku Assam ndi ku Nagaland, mabanja ambiri amaweta eri makamaka chifukwa cha kachilombo ka m'kati mwa chikwa, komwe ndi ndiwo yokondedwa ndipo imagulitsidwa pamsika. Kwa ambiri mwa iwo, ndalama ya ndiwoyi imabwera msanga kuposa ya ulusi. Mbozi 10,000 zija, zomwe zimapereka makilogalamu anayi okha a zikwa, zimaperekanso makilogalamu oposa 20 a tizilombo tonona, todzaza ndi zakudya zomanga thupi.

Amalawi sachita nazo manyazi ndiwo zotere. Mphalabungu, matondo, ngumbi ndi ziwala zimagulitsidwa m'misika, ndipo anthu ozungulira nkhalango ya Kasungu adaloledwa ndi boma kumatola matondo m'nkhalangomo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Banja lomwe silingadye tizilombo ta eri likhoza kuumitsa n'kudyetsera nkhuku kapena nsomba za m'damu, m'malo mogula chakudya chodula cha m'sitolo.

Zitosi za mbozi pamodzi ndi masamba otsala ndi manyowa abwino a kudimba. Nsatsi nayo imapereka njere za mafuta, malinga ngati masamba sakuthyoledwa mopyola muyeso. Alangizi a ku India amati kuthyola pafupifupi tsamba limodzi mwa masamba anayi sikuchepetsa njere kwenikweni. Chenjezo ndi lakuti njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa, choncho ziyenera kusungidwa kutali ndi ana ndi ziweto.

Phindu linanso limabwera banja likapota lokha ulusi m'malo mogulitsa zikwa. Zikwa amaziwiritsa ndi sopo kapena soda kuti zomata zake zichoke, amaziumitsa, kenako n'kupota. Ntchitoyi ikhoza kugwiridwa m'miyezi yotentha ya October ndi November, pomwe mbozi sizingawetedwe. Ulusi umagulidwa bwino kuposa zikwa, ndipo nsalu imagulidwa bwino kuposa ulusi. Ndalama yeniyeni ya silika ili kumapeto kwa ntchitoyi, osati koyambirira.

Madzi a ngalande ndi mafunso oyenera kufunsa

Chigwa cha Shire chikusintha. Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, idayamba kukumba ngalande yaikulu mu 2020 kuchokera pa damu la Kapichira. Namondwe Ana adawononga damulo ndi pomwe ngalandeyo imayambira mu 2022, zomwe zidachedwetsa ntchito. Dera la Kasisi lili m'gawo loyamba la ntchitoyi, ndipo alimi adalimbikitsidwa kuphatikiza minda yawo m'makopaletivi kuti azilima mbewu zamalonda.

Madzi othirira akhoza kuthetsa vuto la masamba m'chilimwe, ndipo kopaletivi ndiyo mtundu wa gulu lomwe silika amafuna. Koma madzi sathetsa kutentha, ndipo sabweretsa wogula. Munda wothiriridwa ndi wamtengo wapatali. Nsatsi iyenera kupikisana ndi nzimbe, mpunga, nyemba ndi ndiwo zamasamba, zomwe misika yake ndi yodziwika kale. Malo oyenera nsatsi mwina ndi m'malire mwa minda ndi m'mbali mwa nyumba, kutali ndi komwe kumapoperedwa mankhwala.

Tsiku lina bungwe, kampani kapena munthu wa chikwama akhoza kufika pabwalo la mfumu ndi nkhani ya mbozi za silika. Asanalembetse maina, anthu ali ndi ufulu womufunsa mafunso angapo. Mazira achokera kuti, ndipo adayezedwa ndi ndani? Ndi mbozi ya mabulosi kapena ya nsatsi? Agule zikwa ndani, pamtengo wanji, ndipo mgwirizanowo walembedwa papepala? Ndalama ibwera tsiku logulitsa kapena pakatha miyezi? Mbozi zikafa ndi kutentha kapena matenda, ngongole ya mazira abweza ndani? Nanga pulojekiti ikatha pakapita zaka zitatu, wogula adzakhalapobe? Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo ayeneranso kukhalapo pomwe mayankho akuperekedwa. Safunsa adadya phula.

Ngati mayankho ndi ogwira mtima, nzeru ndi kuyamba ndi mbozi zochepa, mwina 1,000 kapena 2,000, m'mwezi wa May kapena June, pogwiritsa ntchito nsatsi zomwe zilipo kale, ndi kulemba m'kope chilichonse chomwe chalowa ndi chotuluka. Kutenga ngongole ya ku banki m'khonde, kugulitsa mbuzi kapena kuzula chimanga kudimba chifukwa cha mbozi zomwe wogula wake sadaoneke ndi kuika banja pachiswe.

Mbozi za silika sizingalowe m'malo mwa chimanga, mapira, mbuzi kapena thonje kwa Kasisi. Makilogalamu ake ndi ochepa, nyengo yake ndi yaifupi, ndipo msika wake ngwofunika kumangidwa kuchokera pansi. Zomwe zingachite, gulu likakhala lolimba ndipo wogula ali wodalirika, ndi kuwonjezera kandalama ka sopo, mchere ndi makope a ana m'miyezi yozizira, kuika ndiwo m'mbale, ndi kudzutsa luso lopota ndi kuwomba lomwe chigwachi chidali nalo kalekale. Koma dongosolo lake lisasokonezeke: wogula ayambe wapezeka, nsatsi ibzalidwe, mazira abwere pomaliza.